Magazi anga ankaoneka abwinobwino koma matenda anali mommo

Mwezi watha ndili pa benchi kudikira adokotala, bambo wina wachikulire amene tinayamba kuonana pamzere pomwepo anandipatsa pepala lake nkuti, "Aphunzitsi, tandiwerengerani apa, mwana wanga akuti manambala onse ali m'malo mwake, ndiye lero ndikufuna ndiwapemphe adokotala andipumitseko mankhwalawa, ndatopa nawo." Nditaliona pepalalo mtima unandipweteka chifukwa mawu omwewo ndinawalankhulapo ine mu 2020, ndipo anatsala pang'ono kundipweteketsa. Ndiye ndati ndilembe zonse mmene zinandiyendera, mwina wina amene wangouzidwa kumene kuti ali ndi khansa ya m'magazi yotchedwa CML, kapena amene akusamalira m'bale wake, zimuthandiza.

Ine ndine mphunzitsi wa ku pulaimale, ndimaphunzitsa masamu sitandade 7, ndipo ndili ndi khansa ya m'magazi yomwe madokotala amaitchula kuti CML, dzina lonse ndi chronic myeloid leukemia. Anandipeza nayo mu Ogasiti 2019. Zinayamba ndi kutopa basi, kutopa kwakuti ukalemba pa bolodi mphindi khumi umafuna ukhale pansi, kenako thukuta usiku mpaka kunyowetsa chofunda ngakhale mu Juni kozizira, kenako kukhuta msanga, mtanda umodzi wa nsima ndakhuta pomwe kale ndinkadya itatu. Buluku inayamba kugwa m'chiuno koma mimba mbali ya kumanzere inali yolimba ngati mwalowa chibumi. Ndinamwa LA kawiri poganiza kuti ndi malungo, ndinayezetsa HIV kawirinso osapezeka kanthu, mpaka kilinikala wina pa chipatala cha boma anandigwira pamimba nkuti kapambayu watupa kwambiri, tiyeze magazi onse.

Kuyeza kumeneko amati full blood count, pa pepala amalemba FBC. Ndi pepala limene mudzalione kwambiri kuposa lina lililonse ndiye ndi bwino mulizolowere. Lili ndi mizere yambiri koma yomwe ine ndimayang'ana ndi inayi. Woyamba ndi WBC, amenewa ndi maselo oyera, asilikali a m'thupi aja, munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 4 ndi 11. Ine tsiku limenelo anali 286. Ndinafunsa ngati mashini alakwitsa, anayezanso, anabwera chimodzimodzi. Wachiwiri ndi Hb kapena HGB, ndiwo amene anthu timati "magazi achepa", kwa abambo amayenera kukhala cha m'ma 13 kupita m'mwamba, kwa amayi cha m'ma 12, anga anali 8.4 nchifukwa chake ndinkapuma wefuwefu pokwera kamtunda ka kusukulu. Wachitatu ndi PLT, ma platelets, timaselo tomwe timaundanitsa magazi ukadzicheka, timakhala pakati pa 150 ndi 450, tanga tinali 612. Wachinayi ndi neutrophils, ena amalemba NEUT kapena ANC, gulu la asilikali lomwe limalimbana ndi mabakiteriya, uyu ndidzamutchulanso kutsogoloku chifukwa anadzandiopseza.

Chinthu chimodzi chomwe chinandisokoneza poyamba, ndinkaganiza kuti asilikali akachuluka ndiye kuti thupi ndi lotetezeka kwambiri. Adokotala a ku chipatala chachikulu komwe ananditumiza anandifotokozera kuti vuto lili m'mafuta a m'mafupa momwe magazi amapangidwira. Mu selo limodzi, tizidutswa tiwiri ta ma chromosome (timaulusi ta mkati mwa selo tomwe timasunga majini, malangizo oyendetsa thupi), nambala 9 ndi nambala 22, tinaduka nkusinthana malo, ndipo polumikizana pamenepo panabadwa jini yolakwika yotchedwa BCR-ABL. Jini imeneyi ili ngati switchi yomwe yakanirira pa on, imangouza selo kuti berekana berekana osapuma. Chromosome yopunduka ija amaitcha Philadelphia chifukwa anaiona koyamba mu mzinda wa Philadelphia ku America mu 1960, anthu awiri, Peter Nowell ndi David Hungerford, kenako mu 1973 mayi wina wasayansi Janet Rowley ndi amene anazindikira kuti ndi 9 ndi 22 zomwe zasinthana. Ndinafunsa ngati ana anga atengera, anati ayi, sichochokera kwa makolo, sichipatsirana, zimangochitika m'thupi la munthu ali moyo kale. Amayi a kunyumba atamva zimenezi anapumira m'mwamba chifukwa kumudzi anali atayamba kale kunena kuti wina wandiponda.

Milungu yoyamba anandipatsa hydroxyurea kuti atsitse WBC mwachangu, pamodzi ndi allopurinol woteteza impso chifukwa maselo akamafa ambiri nthawi imodzi amasiya zinyalala zambiri m'magazi, ndipo anandiuza ndizimwa madzi ambiri. Hydroxyurea amangotsitsa nambala, jini ija saikhudza. Mankhwala enieni ndi imatinib, ambiri amawadziwa ndi dzina loti Glivec, omwe anavomerezedwa mu 2001 ndipo ntchito yake ndi kutseka switchi ija. Anali odula kwambiri moti ndi malipiro a uphunzitsi sindikanakwanitsa olo mwezi umodzi, koma anandilembetsa mu pulogalamu ya bungwe la The Max Foundation lomwe limathandiza odwala m'mayiko osauka kupeza mankhwalawa mwaulere. Ndinayamba mu Okutobala 2019, 400 mg tsiku lililonse, pakudya, ndi kapu yaikulu ya madzi.

Abale mankhwalawa amagwira ntchito, zimenezo ndiye ndisabise. Patangotha milungu 6 WBC anali 6.2, kapamba anabwerera moti adokotala akamagwira samamumvanso, nsima ndinayambanso kudya bwinobwino. Zovuta zinalipo, m'mawa zikope zimatupa ngati ndinalira usiku wonse, mitsempha ya m'miyendo imakokana usiku mpaka kudzuka kuima, nseru ndikamwa ndi m'mimba mopanda kanthu, ndipo khungu linayamba kuyererako moti anthu ena pa tredingi ankanong'onezana kuti ndikudzola mafuta oyeretsa. Adokotala anati kuyera kwa khunguko kumachitika kwa anthu akuda ambiri amene akumwa imatinib, sikoopsa.

Mu Januwale 2020 ndinalandira pepala lomwe linandisowetsa tulo. WBC 2.9, neutrophils 0.8, ma platelets 98, ndipo pambali pa nambala iliyonse mashini anaika chilembo L kusonyeza kuti zatsika kupyola mulingo. Ndinangoti basi matenda aja asanduka ena, magazi akutha. Koma adokotala sanadabwe nkomwe, anati miyezi yoyambirira zimatero chifukwa maselo odwala, omwe anali atadzaza malo onse, akufa, pomwe maselo abwino sanayambe kuberekana mokwanira. Lamulo lomwe anandiuza ndi lakuti neutrophils akatsika pansi pa 1.0 kapena ma platelets pansi pa 50, amakupumitsa mankhwala masiku ochepa mpaka zikwere. Anandipumitsa milungu iwiri, anayezanso, neutrophils 1.7, ndinayambiranso. Anandichenjezanso kuti nthawi ngati imeneyo thupi likangotentha ndisadikire kuti kuche kapena kumwa panado nkugona, ndipite kuchipatala tsiku lomwelo ndikanene kuti neutrophils anga ndi otsika. Koma chonde mumvetse, amene anandipumitsa ndi adokotala, atawona manambala, ndipo anandipatsa tsiku lobwerera. Ine mutu wanga unatola phunziro lolakwika pamenepo, unati ohoo kani mankhwalawa ukhoza kupumira osafa.

Cha mu Febuluwale anandiyeza koyamba ndili pa mankhwala kuyeza kwina kuja, kwa BCR-ABL, ena amati PCR. Amatenga magazi pamkono ngati nthawi zonse koma amakawaika mu kakatiriji kapadera mu mashini a GeneXpert, omwe aja timawadziwa poyeza makhololo a TB. Ndisanayambe imatinib nambala yanga inali 64%, ulendo uwu inabwera 7.9%. Adokotala anasangalala, ine ndinangogwedeza mutu osamvetsa kuti akusangalalira chani, maso anga anali pa FBC chifukwa ndi yomwe ndinkaimva m'thupi.

Kenako kunabwera Covid. Sukulu anatseka pa 23 Malichi 2020, maminibasi anayamba kunyamula anthu ochepa mitengo nkukwera, ulendo wa ku chipatala chachikulu unafika podula kawiri, komanso ndinali ndi mantha kukakhala pamzere ndi anthu akutsokomola ine asilikali anga atatsikapo kale. Ndiye ndinayamba kuyezetsa FBC pa kachipatala kena kapafupi. Mnyamata amene anandipatsa zotsatira, sindimuimba mlandu kwenikweni chifukwa matendawa ndi osowa ndipo mwina anali asanakumanepo nawo, anayang'ana pepala nkuti, "Bambo, magazi anu ali bwino kuposa anga, WBC 5.8, Hb 13.6, apa palibe khansa, mwachira inu." Mawu amenewo anandikomera kwambiri. Ndinayamba kuwerengera, mabotolo omwe ndili nawo ndi a miyezi itatu, ndikamamwa modumphitsa tsiku akhoza kundifikitsa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi osakwera minibasi. Ndinayamba kudumpha Loweruka ndi Lamlungu, kenako tsiku lililonse lomwe ndadzuka ndi nseru, kenako nthawi yokolola ndinatha sabata yathunthu osamwa. Amayi a kunyumba akafunsa ndinkati ndamwa kale. Ndipo m'thupi ndinalibe vuto lililonse, ichi ndiye choopsa cha matendawa, sakupweteka pomwe ukulakwitsa.

Ndinabwerera ku chipatala chachikulu mu Novembala 2020, chaka ndi mwezi chiyambireni mankhwala. FBC inali yokongola, palibe L palibe H wosonyeza kukwera. BCR-ABL inabwera 2.4%. Ine ndinamwetulira, ndinati kuchoka pa 7.9 kufika 2.4 ndiye kuti zikuyenda. Adokotala anavula magalasi nkundifunsa mwakachetechete, "Aphunzitsi, mwezi wathawu mwadumpha masiku angati?" Ndinati awiri kapena atatu. Anandipempha botolo, anathira mapiritsi pa tebulo nkuwerenga, anayang'ana tsiku lomwe ndinalandira, anangondiyang'ana. Ndinaulula zonse. Sanandikalipire, anatenga pepala nkuyamba kundiphunzitsa, ndipo zomwe anandiuza tsiku limenelo ndi zomwe ndikufuna aliyense azimve.

Anayamba ndi kundifunsa ngati ndikudziwa vailo lodi ya anthu omwe ali pa ma ARV. Ndinati eya, mlamu wanga amamwa, ndipo amadziwa kuti kunenepa kapena kuoneka bwino sizitanthauza kuti kachilombo kagona, chomwe chimanena zoona ndi vailo lodi. Anati BCR-ABL ndiye vailo lodi yanu. FBC imawerenga maselo koma siisiyanitsa lodwala ndi labwino, moti munthu akhoza kukhala ndi WBC 6 mkati mwake muli maselo a khansa miyandamiyanda. Ine mwa ndekha ndinaganiza za nansongole wa m'munda mwathu, ukalambula pamwamba munda umaoneka woyera bwinobwino koma mizu ili pansi, mvula ikangogwa wamera. FBC ikakhala bwino, kapamba atabwerera, amati complete hematologic response, ndi sitepe yoyamba chabe, imayenera kufika mkati mwa miyezi itatu yoyamba, ndipo ine ndinaitenga ngati mapeto a ulendo.

Kenako anandilembera mizere itatu yomwe madokotala amatsata. Pa miyezi 3 BCR-ABL ikhale 10% kapena kutsika. Pa miyezi 6 ikhale 1% kapena kutsika. Pa miyezi 12 ikhale 0.1% kapena kutsika, pamenepa amati major molecular response, mwachidule MMR, ndipo munthu amene wafika apa nkukhazikika, mwayi woti matenda asinthe nkulusa umakhala wochepa kwambiri. Ndiye 7.9 yanga ija ya miyezi inayi inali mu njira yake, nchifukwa chake anasangalala. Koma 2.4 pa miyezi 13, pomwe ndimayenera kukhala pa 0.1, ndiye kuti ndinali pamwamba ka 24. Kupyola 1% chaka chitatha amaona ngati mankhwala alephera.

Apa ndi pomwe uphunzitsi wa masamu unandithandiza, ndipo ndikupemphani musathamange, anthu ambiri pa benchi paja amasokonezeka ndi kadontho. Nambala zimenezi sizitsika ngati mtengo wa tomato kuti 10, 9, 8, zimawerengedwa ndi kadontho kakasuntha. Kuchoka pa 10 kufika 1 matenda achepa ka 10. Kuchoka pa 1 kufika 0.1 achepanso ka 10. Kufika 0.01 ka 10 kenanso, apa amati MR4, ndipo pali pena pa 0.0032 pomwe amati MR4.5. Ndiye 0.8 ndi 0.08 si zofanana olo pang'ono ngakhale zonse zikuyamba ndi ziro, yoyambayo ndi yaikulu ka 10. Komanso 0.09 ndi yaing'ono kuposa 0.1, ndinaonapo mayi wina akulira kuti nambala yake yakwera kuchoka pa 1 kufika pa 9, pomwe anali atangolowa kumene mu MMR. Ine ndimawauza kuti werengani maziro omwe ali pakati pa kadontho ndi nambala yoyamba, maziro akachuluka ndiye kuti zikuyenda. Mukakopera mu kope kapena potumiza pa WhatsApp kwa m'bale wanu, jambulani pepala lenilenilo, ziro mmodzi akasowa nkhani yonse yasintha.

Chinanso, peresenti imeneyi sikutanthauza kuti gawo limenelo la magazi anu ndi khansa. Akuyerekeza kuchuluka kwa uthenga wa jini yolakwika ija ndi wa jini ina yabwinobwino, kenako amaika pa sikelo imodzi ya dziko lonse, nchifukwa chake pambali pa nambala mumaona zilembo IS, International Scale. 100% pa sikelo imeneyi ndi mulingo womwe anatenga kwa odwala a mu kafukufuku wamkulu wa imatinib wotchedwa IRIS asanayambe mankhwala, ndiye wina akhoza kuyamba ndi nambala yopyola 100, wina 40, sizachilendo. Ngati pepala lanu lilibe IS funsani, chifukwa nambala za ma labu awiri osiyana sungaziyerekeze ngati sizili pa sikelo imodzi.

Adokotala anandiuza kuti nambala ikakana kutsika amaganiza zinthu zingapo, ndipo choyamba penipeni ndi chakuti kodi munthuyu akumwadi. Anatchula kafukufuku wa pa chipatala cha Hammersmith ku London yemwe anatuluka mu 2010, anapeza kuti odwala amene ankamwa mankhwala osapyola 90 pa 100 ya masiku awo, ambiri mwa iwo sankafika pa MMR. Ndinawerengera mumtima, pa mwezi wa masiku 30 ndiye kuti ukadumpha masiku atatu okha wafika kale pa malire, ine ndinkadumpha khumi kapena kuposa. Chachiwiri amaona ngati pali mankhwala ena omwe akulimbana ndi imatinib. Chachitatu ndi chomwe chinandiopsa, jini ija imatha kusintha kaonekedwe, amati mutation, moti imatinib sakwananso pa malo ake ngati kiyi wa loko wina, ndipo kumwa modumphadumpha kumapatsa mpata maselo otere kuti achuluke. Zikatero amasintha mankhwala, alipo ena monga dasatinib, nilotinib ndi bosutinib, ndipo pali mutation ina yovuta yotchedwa T315I yomwe atatu onsewa saigwira, imafuna ponatinib kapena asciminib. Koma kwathu kuno kupeza mankhwala achiwiriwo kapena kuyeza mutation si nkhani ya tsiku limodzi, ndiye mankhwala oyambawa ndi ofunika kuwasamala ngati dzira.

Anandisonyezanso mawu ena oti ndiziwayang'ana akayeza magazi pa galasi, ma blasts, maselo akhanda omwe sanakhwime. Matendawa akakhala mu gawo lofatsa lomwe ambiri timapezeka nalo, ma blasts amakhala ochepa kwambiri kapena osaoneka. Akachuluka kufika cha m'ma 20 pa 100 ndiye kuti matenda alowa gawo lolusa, blast crisis, lomwe limavuta kwambiri kuchiza. Anati cholinga cha piritsi la tsiku lililonse ndi chakuti tisakafike kumeneko. Ndinatuluka mu ofesi muja miyendo ikunjenjemera.

Tinagwirizana kuti andipatse miyezi itatu ndikumwa mosadumpha ndiye tione. Nditafika kunyumba ndinawauza amayi a kunyumba chilungamo chonse, analira, kenako anati, "Kuyambira lero botolo likhala kwa ine, muzimwa ine ndikuona." Tinasintha nthawi, m'malo mwa m'mawa ndi tiyi ndinayamba kumwa pakati pa nsima ya madzulo, osati ndisanadye kapena nditamaliza koma pakati penipeni, ndipo nseru ija inachepa kwambiri, chinthu chaching'ono chomwe ndikanangofunsa kalekale. Ndinaika alamu pa foni 7 koloko madzulo. Ndinagula kope la masamu la timabokosi, tsamba lililonse ndinajambula mizere, deti, WBC, neutrophils, Hb, PLT, BCR-ABL, ndi masiku omwe ndadumpha mwezi umenewo. Mzere womalizawo kuyambira Disembala 2020 uli ndi maziro okhaokha kupatula masiku awiri a maliro a bambo anga aang'ono pomwe ndinaiwala botolo.

Febuluwale 2021 inabwera 0.6%. Adokotala anati zikuoneka kuti vuto silinali mutation, tipitirize. Juni 0.21%. Kenako panadutsa nthawi yaitali osayeza chifukwa makatiriji kunalibe, zimenezi zimachitika ndipo zimawawa chifukwa umakhala ngati ukuyenda usiku opanda tochi, koma mankhwala ndinkamwabe. Januwale 2022 inabwera 0.09%. MMR, patatha zaka ziwiri ndi miyezi itatu m'malo mwa chaka chimodzi. Ndinakhala pa benchi panja ndikuliyang'ana pepalalo nthawi yaitali ndisanaimbe foni kunyumba.

Mu 2022 momwemo cha kumapeto nambala inabwera 0.12% ndipo ndinadwala ndi maganizo sabata yathunthu, chifukwa ulendo uno ndinali ndisanadumphe olo tsiku limodzi. Adokotala anandikhazika mtima pansi, anati mashini sapereka nambala yofanana ndendende olo utayeza magazi omwewo kawiri, kusiyana pang'ono ngati 0.09 ndi 0.12 kukhoza kukhala kwa mashini chabe kapena momwe magazi anasungidwira. Chomwe chimawadetsa nkhawa ndi nambala yomwe yakwera kangapo kuchulukitsa, kapena yomwe ikukwera ulendo uliwonse motsatizana. Anabwereza patapita milungu 6, inabwera 0.07%. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuweruza moyo wanga ndi pepala limodzi, ndimatsegula kope nkuona mzere wonse ukulowera kuti.

Pali mapepala ena omwe amayeza mwa apo ndi apo omwe poyamba sindinkawalabadira. ALT ndi AST ndi za chiwindi, creatinine ndi ya impso. Imatinib amadutsa m'chiwindi ndiye amafuna aone ngati chikupirira. Ulendo wina ALT yanga inakwera, atafunsitsa zinapezeka kuti ndinkamwa mankhwala azitsamba a m'botolo omwe achemwali anga anandigulira mwachikondi kuti "awonjezere magazi", nditasiya inatsika. Mowa ndinasiya. Ndipo ili ndi lofunika kwambiri kwathu kuno komwe TB ndi yambiri, mankhwala a TB otchedwa rifampicin amachititsa kuti thupi lichotse imatinib mwachangu moti mphamvu yake imachepa kwambiri, ndiye mukapezeka ndi TB, kapena muli pa ma ARV, kapena mankhwala a khunyu, musangolandira ku windo nkumapita, auzeni kuti mumamwa imatinib ndipo adokotala a magazi adziwe. Kwa amayi ndi atsikana, imatinib akhoza kuvulaza mwana m'mimba makamaka miyezi yoyamba, nkhani ya mimba ikambidwe ndi adokotala isanachitike, ndinaonapo mtsikana wina atasiya yekha mankhwala mwakachetechete atazindikira kuti ndi woyembekezera, anabwera WBC itakwera kale.

Nditchulenso ichi chifukwa pa benchi timasakanikirana. Pali khansa ina ya m'magazi yotchedwa CLL, chronic lymphocytic leukemia, mayina akufanana koma ndi matenda ena. Imeneyo imagwira kwambiri achikulire, maselo omwe amachuluka ndi ma lymphocytes, ilibe BCR-ABL, imatinib sagwira, ndipo ambiri akapezeka nayo koyambirira sapatsidwa mankhwala, amangowayang'anira mpaka patakhala chifukwa. Agogo ena anakhumudwa kuti ine ndikulandira mabotolo iwo akubwerera chimanjamanja, amaganiza kuti pali tsankho, mpaka anesi anawafotokozera. Ndiye musayerekeze pepala lanu ndi la mnzanu musanadziwe kuti dzina lenileni la matenda anu ndi liti, liwerengeni mu kabuku kanu ka kuchipatala, CML kapena CLL.

Panopa nambala yanga yomaliza ndi 0.008%, ndadutsa MR4. Ena amalandira pepala lolembedwa kuti not detected, ndiye kuti mashini sanaione, koma mofanana ndi vailo lodi ija, kusaoneka sikuti yatheratu. Ndinafunsapo ngati tsiku lina ndidzasiye. Anandiuza kuti kunja zimachitika, ku France anachita kafukufuku wotchedwa STIM yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2010, ndipo mwa anthu omwe amasiyitsidwa atakwaniritsa zonse, pafupifupi theka kapena kuposerapo matenda amabwerera, kawirikawiri mkati mwa miyezi 6 yoyamba, ndipo amayambiranso mankhwala. Kuti akuyese umayenera kukhala utamwa zaka zosachepera 3, nambala itakhala pansi penipeni zaka 2 kapena kuposa mosasinthasintha, ndipo chachikulu, pakhale kuthekera koyeza BCR-ABL mwezi uliwonse ukangosiya. Ine ndi ulendo wanga wa minibasi ziwiri ndi kabaza, komanso makatiriji omwe amapezeka lero mawa kulibe, ndinawauza ndekha kuti ayi, ndipitiriza kumwa.

Bambo aja a pa benchi, pepala lomwe anandipatsa linali FBC yokha. Ndinawafunsa, "Bambo, nanga lina lija la peresenti, la BCR-ABL, munayezetsa liti?" Anafufuza m'jumbo mwawo nkutulutsa la miyezi 8 yapitayo, linali 1.3%, ndipo anali atamwa mankhwala chaka ndi theka. Ndinawafunsa ngati amadumpha, anayang'ana pansi nkuti masiku ena akakhala opanda chakudya chokwanira samwa chifukwa amawadula m'mimba. Ndinang'amba tsamba mu kope langa, ndinawalembera mizere itatu ija, miyezi 3, 6 ndi 12, ndinawapempha kuti akalowa akanene zonse monga anandiuzira ine, za njala zomwe, ndipo akapemphe kuyezedwa BCR-ABL tsiku lomwelo. Dzina lawo linaitanidwa langa lisanafike. Potuluka anali ndi thonje pamkono ndi mabotolo atatu m'jumbo, anandiuza kuti awapatsa deti yomweyo ndi yanga, ndiye ndawalonjeza kuti ndidzawabweretsera kope.